Anyamata anayi a ku Zimbabwe pa mpikisano wolawa vinyo ku France: tikambirane

NaBanda (Woodstock): Abale, ndani mwa inu anaonera filimu ija ya Blind Ambition? Inatuluka mu 2021, ndipo ikunena za Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese. Onse anayi anachoka ku Zimbabwe zinthu zitavuta, anayamba ndi maganyu kuno ku Cape, kenako mu 2017 anakaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. Ambirife pagulu pano tili m'malesitilanti ndi m'mahotela momwemo. Funso langa ndi lakuti: iwowa anatulukira khomo liti limene ife sitikuliona?

Yamie: Achemwali, pepani, mpikisano wolawa vinyo? Ndiye wopambana ndi amene wamaliza kuledzera kapena? 😂

Gama (Stellenbosch): Mphwanga Yamie, sameza, amalavula. Mpikisanowu amakonza ndi magazini ya ku France yotchedwa La Revue du Vin de France. Dziko lililonse limatumiza anthu anayi. Amawathirira vinyo 12, mmodzimmodzi, woyera 6 ndi wofiira 6, botolo osaliona. Pa vinyo aliyense amayenera kugwirizana yankho limodzi: mtundu wa mphesa, dziko, dera, chaka chimene mphesazo zinakololedwa, ngakhale dzina la wopanga ngati angathe. Mphindi zake ndi zochepa, ndiye anthu anayi akayamba kukangana pagome, nthawi yatha asanalembe kanthu.

Yamie: Chaka? Lilime lingadziwe chaka?

Gama (Stellenbosch): Lilime palokha ayi. Umayamba ndi maso. Vinyo wofiira akamakalamba amafwifwa, m'mphepete mwa galasi mumaoneka ngati mtundu wa njerwa. Woyera amachita mosiyana, amaderako n'kumapita ku mtundu wa uchi. Kenako mphuno, kenako pakamwa. Vinyo wowawasa kwambiri koma wosakhala ndi mphamvu zambiri nthawi zambiri wachokera kumalo kozizira, monga Mosel ku Germany kapena Chablis. Wolemera m'kamwa, wotentha pakhosi, ganiza za kumalo kotentha, Barossa ku Australia kapena Swartland yathu yomweyi. Umachotsa zosatheka mpaka utsale ndi ziwiri kapena zitatu, ndiye n'kusankha. Sikuti ndi ula.

Malume Zulu (Chipata): Nanga anapambana?

NaBanda (Woodstock): Ayi malume. Mu 2017 mpikisano unali ku Burgundy, ku Château de Gilly. Panali matimu 24, iwo anakhala a nambala 23. Sweden ndi imene inapambana. Koma mu 2018 anabwereranso, ulendo uno ku Languedoc, n'kukhala a nambala 14. Chaka chimenecho chikho chinapita ku Belgium.

Malume Zulu (Chipata): Nambala 23 mwa 24 n'kupangira filimu? Kwathu kuno timu ikatero mphunzitsi amachotsedwa tsiku lomwelo.

Aunt Nachisale (Leeds): A Zulu, amene anali kumbuyo kwawo mu 2017 anali Italy. Italy yeniyeniyo, kumene mwana amakula akuona botolo la vinyo pagome tsiku ndi tsiku. France, eni mpikisano, anathera pa 11. Ndiye musamapeputse.

Gama (Stellenbosch): Komanso a Zulu, mudziwe chimene chimalepheretsa munthu wophunzirira ku South Africa. Kuno vinyo wa konkuno ngwambiri ndipo ngwotchipa, koma wakunja ngosowa, ndipo mtengo wake mu ma rand ndi wodula. Munthu wa ku Stockholm kapena Brussels akalowa m'shopu amapeza vinyo wa ku Spain, Portugal, Austria, Greece, Chile pa shelefu imodzi. Anyamata athuwa amadziwa vinyo woyera wa mphesa za Chenin Blanc wa ku Swartland kuposa aliyense m'chipindamo, koma mpikisano umathira Chenin wa ku Vouvray ku France kapena vinyo wa mphesa zimene sanazionepo. Sungatchule dzina la chinthu chimene sichinafikepo pakamwa pako. Kuchoka pa 23 kufika pa 14 m'chaka chimodzi, ine ndimaona kuti ndi mabotolo amene analawa pakati pa mipikisano iwiriyo.

Che Jafali (Salt River): Ine sindimwa, ndipo kukhitchini kwathu galasi ndimangotsuka. Koma mawu akuti "othawa kwawo" amene amanyuzipepala amawapatsa ndi amene akundivuta. Kodi anathawa nkhondo? Chifukwa ife tinachoka ku Mangochi chifukwa cha umphawi womwewo, koma palibe amatitcha othawa kwawo. Timangotchedwa makwerekwere basi.

Aunt Nachisale (Leeds): Che Jafali mwafunsa bwino. Koma Zimbabwe ya 2008 sinali umphawi wamba. Ndalama yawo inafa: mu January 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala limodzi la madola 100 trillion. Kolera inapha anthu opitirira 4,000. Chisankho chachibwereza cha June 2008 chinali cha zikwapu mpaka Morgan Tsvangirai anatulukamo. Pangano la mayiko a mu Africa la 1969 lokhudza othawa kwawo silinena za nkhondo yokha, limaphatikizanso zochitika zimene zasokoneza kwambiri bata m'dziko. Ndiye pali maziko owatchulira choncho.

Che Jafali (Salt River): Maziko alipo pa pepala, mayi. Ku Home Affairs nkhani imakhala ina.

Advocate wa pa Bellville (si loya, ndi dzina chabe): Apa ndilowerepo, chifukwa zamapepala ndi zimene zimandidyetsa. Lamulo la South Africa la 1998 lili ndi mapepala awiri amene anthu amawasokoneza. Section 22 ndi ya munthu amene wapempha chitetezo ndipo akudikira yankho. Section 24 ndi ya amene wavomerezedwa. Anthu a ku Zimbabwe ochuluka anapempha, ochepa kwambiri anavomerezedwa, chifukwa boma linkati ndi ofuna ntchito. Chimene chinathandiza ambiri ndi pemiti yapadera ya anthu a ku Zimbabwe okha, imene inayamba cha mu 2010, kenako n'kusintha dzina mu 2014 ndi 2017 kukhala ZEP. Anthu pafupifupi 178,000 ali nayo. Boma linafuna kuithetsa, koma khothi la ku Pretoria mu June 2023 linati njira imene linatsata inali yosemphana ndi malamulo. Amalawi pemiti yotere sitinapatsidwepo. NaBanda, khomo limene mukufunsa lija mbali ina ndi limeneli. Hotela yaikulu silemba sommelier, katswiri woyang'anira vinyo ndi kulangiza makasitomala, wopanda mapepala, ndipo popanda pasipoti yabwino ndi chikalata cha ntchito, viza ya ku France suyiona.

NaBanda (Woodstock): Zoona achimwene, koma sindikufuna tithawire ku mapepala okha. Alipo anzathu ali ndi mapepala abwinobwino, zaka khumi akunyamula mbale, ndipo kasitomala akafunsa kusiyana kwa vinyo wa Merlot ndi wa Shiraz amathamangira kukaitana manijala.

Gama (Stellenbosch): Eya, ndipo taonani nkhani ya Joseph Dhafana. Kwawo ndi ku Chirumhanzu. Anaoloka malire mu 2009 pamodzi ndi mkazi wake, n'kukafikira ku Central Methodist Church ku Johannesburg, kumene Bishopu Paul Verryn ankasunga anthu masauzande, ogona m'makonde ndi pa masitepe. Kuchoka apo anakapezeka ku Riebeek-Kasteel, tauni yaing'ono ya ku Swartland, akulima dimba pa lesitilanti ya Bar Bar Black Sheep. Kuchoka kudimba anapita kotsuka mbale, kenako weta. Vinyo anamulawa koyamba mu 2010, ali bambo kale. Pofika 2015 anali mu timu ya South Africa pa mpikisano womwewu, ndipo anakhala sommelier wa lesitilanti ya La Colombe ku Constantia. Zaka zisanu zokha kuchokera pa galasi loyamba.

Chimene ine ndimaona ndi malo amene anagwera. Swartland nthawi imeneyo kunali chipwirikiti cha opanga vinyo achinyamata, akina Eben Sadie, Adi Badenhorst, banja la Mullineux, ndipo anthu otere ankadya ndi kumwa m'tauni momwemo. Weta wa mafunso pamalo ngati amenewo amapeza womuyankha. Pardon Taguzu nayenso anadutsira ku Riebeek-Kasteel komweko asanapite ku lesitilanti ya Aubergine. Sizinangochitika mwangozi kuti awiri mwa anayi anachokera m'tauni imodzi yaing'ono.

Yamie: Ndiye ife a ku fish and chips tilibe mwayi 😭

Gama (Stellenbosch): Mwayi ulipo koma uyenera kusamuka, mphwanga. Ndi bwino kutsuka magalasi pamalo pamene pali mndandanda wa vinyo wautali kusiyana ndi kukhala manijala pamalo pogulitsa Coke yekha, ngati cholinga chako ndi chimenechi.

Abusa a ku Dunoon: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ana anga, Miyambo 20:1 imati vinyo ndi wonyoza. Tikuyamikira chiyani apa? Ine ndimaika maliro a anyamata athu amene mowa wawatha kuno. Ndipo inu a Gama muli kumafamu mukudziwa bwino zimene vinyo wachita kwa anthu a kumeneko.

Gama (Stellenbosch): Abusa, pa mbali yachiwiriyo sindingakutsutseni. Kuno kunali chizolowezi cholipira antchito a m'minda ya mphesa ndi vinyo, chimene amati dop. Chinaletsedwa ndi lamulo cha m'ma 1960 koma chinapitirira mobisa mpaka m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zikuonekabe: madera ena a Western Cape ali m'gulu la malo amene ana obadwa ovulala ndi mowa wa mayi ndi ochuluka kwambiri pa dziko lonse. Zimenezo ndimaziona ndi maso. Koma ntchito ya sommelier si kumwa. Munthu woledzera mphuno imafa, sangasiyanitse chilichonse. Pa tsiku lolawa tonse timakhala ndi chidebe cholavuliramo.

Aunt Nachisale (Leeds): Ndipo Abusa, mmodzi mwa anayiwo, Marlvin Gwese, amene ankagwira ntchito ku hotela ya Cape Grace, anakulira m'banja la chipentekoste losamwa mowa. M'filimumo anyamatawa amapemphera ndi kuimba nyimbo za Mulungu limodzi. Nkhondo imene mukunenayi anaimenya okha mumtima mwawo.

Abusa a ku Dunoon: Kulavula kapena kusalavula, akugulitsa. Amene akugula sakulavula.

Che Jafali (Salt River): Apa ine ndi Abusa tagwirizana koyamba chiyambire gulu lino 😄

NaBanda (Woodstock): Abusa ndakumvani, ndipo sindikukakamiza aliyense. Koma lendi ya chipinda changa imachokera ku matipu a matebulo amene amaitanitsa vinyo. Kaya ndidziwe kaya ndisadziwe, botolo ndikutsegulabe. Kusiyana kwake n'kwakuti wodziwayo ndi amene amalemba mndandanda, amakambirana ndi opanga, amalandira malipiro a pamwezi enieni.

Tembo (Dowa): Moni nonse, ine ndili kumudzi kuno. Mukukamba za Cape, koma ine ndikuganiza za Dzaleka, makilomita ochepa kuchokera pano. Kampu inatsegulidwa mu 1994, inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, lero muli opitirira 50,000, a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Malamulo athu salola kuti akhale kapena kugwira ntchito kunja kwa kampu momasuka. Mu 2023 boma linatolera amene anali ndi mashopu ku Lilongwe ndi m'matauni ena n'kuwabwezera m'kampu, ambiri a ife tikuwomba m'manja. Tsono Joseph uja akanathawira ku Malawi, bwenzi pano ali pamzere wa chakudya. Timasangalala ndi wothawa kwawo akakhala mu filimu.

Malume Zulu (Chipata): A Tembo mwaponya mwala waukulu.

Yamie: Koma achimwene a Tembo, aja anatilanda mabizinesi ku Mgona ndi ku Area 25.

Tembo (Dowa): Mphwanga, mawu amene wanenawo ndi omwewo amene akukuuza iwe ku Cape, amangosintha chilankhulo.

Advocate wa pa Bellville (si loya, ndi dzina chabe): Ndipo tisaiwale kuti South Africa imene inapatsa anyamatawa mpata ndi yomweyo imene inapha anthu 62 mu May 2008, chaka chimene Tinashe Nyamudoka anafika. Mu November 2009, ku De Doorns, m'chigwa cha mphesa, anthu a ku Zimbabwe opitirira 2,000 anathamangitsidwa m'nyumba zawo n'kukakhala m'matenti pa bwalo la masewero, akuti akulanda ntchito za m'mafamu. Chaka chomwecho Joseph anali kulowa m'dziko. Mu 2012 ku De Doorns komweko antchito ananyanyala, akulandira R69 patsiku, akufuna R150, ndipo boma linakweza kufika R105. Mphesa za ku De Doorns zambiri ndi zodya, osati za vinyo, koma manja othyola ndi amodzimodzi. Pa anayi amene anakwera ndege, pali masauzande amene anatsala m'mizere ya mphesa.

Aunt Nachisale (Leeds): Ndi chifukwa chake ine filimuyi ndinaikonda theka. Anapanga ndi anthu a ku Australia, Warwick Ross ndi Robert Coe, ndipo inapata mphoto ya oonera pa chionetsero cha mafilimu cha Tribeca ku New York. Kuno ku UK anthu anatuluka m'holo akupukuta misozi, akumva bwino mumtima. Nkhani zotere azungu amazikonda chifukwa zimawauza kuti wolimbikira amapambana, ndiye amene sanapambane ndi vuto lake. Koma ndalama za ulendo wa 2017 sizinachokere ku khama lokha. Jancis Robinson, mlembi wotchuka wa za vinyo wa ku London, ndi amene analengeza za iwo n'kuthandiza kusonkhetsa ndalama pa intaneti. Popanda mayi ameneyo bwenzi luso lawo litathera pa bwalo la ndege.

NaBanda (Woodstock): Koma aunt, mayiyo sanatole anthu pamsewu. Anapeza anthu amene anali kale oyang'anira vinyo ku La Colombe, The Test Kitchen, Aubergine ndi Cape Grace. Malo anayi amenewo sapereka makiyi a chipinda cha vinyo chifukwa cha chisoni.

Aunt Nachisale (Leeds): Sindikukana, mwanangu. Ndikungoti zonse ziwiri zinafunika.

Yamie: Chabwino, funso lina. Ndinayesa kuwerenga kuseri kwa botolo. Akuti fungo la gooseberry, blackcurrant, quince. Ine zinthu zimenezi sindinazidyepo chibadwire. Ndiyambira pati?

Gama (Stellenbosch): Vuto limeneli anyamata aja analinso nalo, ndipo akhala akulikamba poyera. Mabuku analembedwa ndi anthu amene anakula akudya zipatso za ku Ulaya. Njira yake n'kumanga nkhokwe yako ya fungo. Ukanunkhiza galasi n'kukumbuka masuku, gwafa, bwemba, matowo, malambe, fumbi la mvula yoyamba, lemba chomwecho m'kope lako, pambali pake n'kulemba dzina la mphesa. Tsiku lina fungo lomwelo likabwera, dzina libwera lokha. Pa mpikisano safunsa kuti wamva chipatso chanji, amafunsa mphesa ndi dziko. Mawu a m'buku umawaphunzira pambuyo pake, a mayeso ndi a kasitomala.

Zina ndi zosavuta kugwira. Chenin Blanc wa kuno nthawi zambiri amanunkhira gwafa. Riesling wokalamba amamveka ngati palafini, osaseka, ndi zoona. Shiraz wa kumalo kozizira ali ndi tsabola wakuda. Cabernet Sauvignon wa mphesa zosapsetsa ali ndi fungo la tsabola wobiriwira wosawawa uja. Vinyo wokhala m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak amatenga fungo la vanila, ndipo migolo ya ku America imawonjezera la kokonati, ndi chifukwa chake Rioja wachikale sabisala. Ndiye pali tannin, chija chimauma m'kamwa ngati waluma nthochi yosapsa. Nebbiolo wa ku Barolo amapusitsa: m'galasi ngwofwifwa ngati Pinot Noir, koma m'kamwa amakoka nkhama zonse.

Che Jafali (Salt River): A Gama mukulankhula ngati sing'anga. Palafini anthu n'kumalipira?

Gama (Stellenbosch): Amalipira zedi, Che Jafali 😂

Malume Zulu (Chipata): Nanga pano ali kuti anyamatawa? Akadali kuthira vinyo wa eni ake?

NaBanda (Woodstock): Apa ndiye pamandisangalatsa ine, malume, kuposa mpikisano. Tinashe ali ndi vinyo wake wotchedwa Kumusha, anayamba mu 2017, ndipo akugulitsidwa mpaka ku America ndi ku Zimbabwe komwe. Joseph ali ndi Mosi. Pardon anasamukira ku Netherlands, akuchita malonda a vinyo kumeneko. Sanagule mafamu, amagwirizana ndi eni minda ndi mosungira vinyo, iwo n'kusankha ndi kusakaniza, dzina pa botolo n'kukhala lawo.

Advocate wa pa Bellville (si loya, ndi dzina chabe): Dzina pa botolo inde, koma nthaka ikadali ya omwe aja. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu February 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo minda yoyambirira inalimidwa ndi akapolo. Mpaka lero minda ya mphesa imene ili m'manja mwa anthu akuda ndi yochepetsetsa.

NaBanda (Woodstock): Achimwene inu chilichonse mumachipezera chilema. Munthu amene anagona pa masitepe a tchalitchi mukufuna agule famu ku Franschhoek m'zaka khumi?

Advocate wa pa Bellville (si loya, ndi dzina chabe): Sindikunyoza, achemwali. Ndikungoti tisasokoneze lebulo ndi munda.

Tembo (Dowa): Ine vinyo amene ndimamudziwa ndi Linga wa ku Lilongwe, wa zipatso. Ameneyo angalowe mpikisano?

Gama (Stellenbosch): Pa mpikisano uwu amathira wa mphesa yekha, a Tembo. Koma dziko silifunika kukhala lopanga vinyo kuti litumize timu. Sweden ndi Belgium sizidziwika ndi minda ya mphesa, zimadziwika ndi kugula vinyo wa aliyense. Timu ya Malawi ingatheke, pangofunika anthu anayi ophunzira, mphunzitsi, ndi ndalama.

Yamie: Kuphunzirako n'kuti? Ndipo ndi zingati?

Gama (Stellenbosch): Cape Wine Academy ili ndi kosi yoyambira ya vinyo wa South Africa, ambiri amayambira pamenepo. Kenako kosi ya za vinyo ya WSET, ya ku London koma imaphunzitsidwa konkuno, Level 2 ndi Level 3. Pa Level 3 pali mayeso olawa osaona botolo. Palinso bungwe la ma sommelier la South Africa, SASA, limene lili ndi mayeso ake. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, ufunse okha. Koma usanalipire, funsa abwana ako. Malesitilanti ambiri amalola oimira makampani a vinyo kubwera kudzaphunzitsa antchito ulere, ndipo anzathu ambiri tsiku limenelo amati ndi lopuma. Mafamu ambiri a ku Stellenbosch ndi Paarl ukawauza kuti umagwira ntchito m'lesitilanti amakulandira bwino, chifukwa ndiwe amene ukagulitse vinyo wawo patebulo.

Abusa a ku Dunoon: Yamie, Lamlungu ndikufuna ndikuone kutchalitchi tisanapitirire ndi nkhaniyi.

Yamie: Ndibwera Abusa, koma Lolemba ndili ofu ndipo ndikufuna ndiyese 🙈

NaBanda (Woodstock): Ndiye tipange chonchi. Lolemba masana kwanga, amene ali ofu. Tisonkhe R60 aliyense. A Gama, tigule chiyani?

Gama (Stellenbosch): Musayambe ndi zambiri. Atatu oyera: Chenin Blanc, Sauvignon Blanc, ndi Chardonnay wokhala mu oak. Atatu ofiira: Pinotage, Shiraz, Cabernet Sauvignon. Onse a mtengo wofanana, asakhale osakaniza mphesa, werengani lebulo. Poyamba mulawe mukuona mabotolo n'kulemba zimene mukumva. Kenako wina akulunge mabotolowo m'nyuzipepala, asinthe malo, alembe manambala, mulawenso. Wokulungayo asapikisane nawo. Pasakhale perefyumu, pasakhale fodya, ndipo nsima ya usipa idikire mpaka mumalize.

Che Jafali (Salt River): Ine ndibwera kudzakulunga mabotolo ndi kusunga mayankho, poti sindilawa. Koma R60 sindisonkha.

NaBanda (Woodstock): Zatheka, Che Jafali. Yamie ubweretse chidebe, changa chikudontha.